Dziwe la Alamu Anga ndi Phulusa la Mkulu Wanga

Alamu anga a Orrin Stensrud anagwira ntchito m'paki ya Yellowstone zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo chimene ankadziwika nacho chinali kuvuula zinthu zimene alendo aponya m'maiwe a madzi otentha. Munthu akawafunsa za ntchito yawo ankangoti, "Ndimawedza zipewa," n'kubwerera ku khofi wawo. Sanali munthu wa mawu. Wa mawu ndine, Glenda, ndipo pa zaka zonse zimene anakhala pabanja ndi mkulu wanga Marlys tinkakangana Lamlungu lililonse pa chakudya chamasana, ine ndikulankhula, iwo akutafuna.

Anabadwira pa famu ya ng'ombe kufupi ndi Livingston, wachitatu mwa ana aamuna anayi. Famuyo sikanakwanira mabanja anayi, choncho atafika zaka makumi awiri anatenga chikwama n'kukwera ndi msewu wa m'mbali mwa mtsinje mpaka kuno ku Gardiner, pachipata cha paki. Anawalemba ntchito yokhoma matabwa a tinjira timene alendo amayendapo pakati pa akasupe otentha. Kumeneko nthaka imaoneka youma ndi yolimba, koma malo ena ndi yopyapyala kuposa chikhatho, pansi pake madzi akuwira. Anaphunzira kuiwerenga nthakayo poona pamene njati zaponda ndi pamene zalambalala. Koma njati nazonso zimalakwitsa. Chaka china mwendo wawo wakumanzere unalowa pansi mpaka m'bondo, ndipo atawavula sokosi khungu linachokera limodzi. Kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina pang'ono, ndipo palibe amene anawaonanso atavala kabudula.

Atachira anawapatsa ntchito ya ndodo. Inali ndodo yachitsulo yolumikizalumikiza, yaitali kuposa nyumba yawo, ndipo kunsonga kwake anamangirirako chipande choboolaboola chimene anachita kuba m'khitchini mwa Marlys. Ndi ndodoyo ankavuula zipewa zimene mphepo yalanda, makobiri amene anthu amaponya pofuna mwayi, miyala, mabotolo, matewera, nsapato za ana, ndipo kamodzi mano oikirira. Ntchitoyi imafuna kudekha. Ukagwedeza dzanja pang'ono, kobiri limatsetsereka m'chipande n'kumira kupita kumene ndodo singafike. A Orrin ankatha kuima m'mawa wonse chifukwa cha mwala umodzi, nkhope itanyowa ndi nthunzi, alendo akuwajambula ngati kuti nawonso ndi nyama ya m'paki.

Amati mlendo ndi mame, koma mame athu kuno amabwera pa mabasi ndipo amauma atasiya mapepala. Ine ndikanakhala pa ntchito imeneyo bwenzi atandichotsa sabata yoyamba chifukwa cha pakamwa. Alamu ayi. Akaona bambo akugawira ana ake makobiri oti aponye m'madzi, ankapita n'kuvula chipewa, n'kuchitchera pamaso pa anawo.

"Ponyani muno, ana inu. Mwayi wake ndi womwewo, ndipo muno simununkha mazira owola."

Ana ankaseka n'kuponya m'chipewa, iwo n'kubweza makobiriwo kwa bamboyo. Anakalipa kamodzi kokha pa zaka zonsezo, tsiku limene mwamuna wina anakokera chitsa cha mtengo m'dziwe kuti aone ngati madzi angatumphuke. Anthu amene analipo amati mawu a alamu anamveka mpaka poimika magalimoto. Chitsacho chinawatengera masiku atatu kuti achivuule, ndipo masiku atatu onsewo ankafika kunyumba n'kukankhira mbale kumbali.

Dziwe limene mwamuna uja anaponyamo chitsacho ndi limene alamu ankalikonda kuposa onse. Lili kumapeto kwa kanjira ka matabwa, ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu wapansi. Pachikwangwani analembapo dzina lina lalitali, koma ife a m'banja tinkangoti Diso. Ndi lozungulira, kukula kwake ngati pabalaza, ndipo madzi ake ndi a buluu wozama woti ukamuyang'anitsitsa mutu umazungulira. Pansi pake pali khosi, kabowo kosaposa kukamwa kwa ndowa, mmene madzi otentha amatulukira. Anandifotokozera kamodzi, tsiku limene ndinawaseka kuti munthu wamkulu, wandevu, akutha moyo wake kuwedza masenti.

"Mlamu, chilichonse chomira chimapita kukhosi kuja," anatero. "Chikafika chimamatirira, chimasanduka mwala. Khosi likachepa madzi amazizira. Akazizira, ndere zachikasu za m'mbalizo zimalowa pakati, buluu n'kutha. Sabweranso."

"Kobiri limodzi lomweli?"

"Aliyense amati limodzi."

Anali ataonapo dziwe lina likufa choncho. Pamene ankayamba ntchito linali la buluu, ankalijambula pa makadi ogulitsa alendo. Pamene ankapuma ntchito linali ngati madzi otsukira mbale. Akamadutsa pamenepo ankayang'ana kumbali.

Marlys ankaphika buledi ndi masikono m'khitchini ya hotela ina ya m'paki. Anakumana chilimwe cha 1972, alamu atatumidwa kukakonza sitepe ya pakhomo la khitchiniyo. Inali ntchito ya ola limodzi, koma inawatengera masiku asanu, ndipo tsiku lachisanu Marlys anatuluka ndi sikono lotentha n'kuwafunsa ngati akufuna kumukwatira iye kapena sitepeyo. Anakwatirana chaka chotsatira. Nyumba yawo ndi yanga zinayang'anizana makomo, ndipo agwape akuluakulu otsika m'phiri ankadya maluwa a tonse awiri mosakondera. Anabereka mwana mmodzi, wamkazi, amene anakhala masiku awiri. Za mwanayo sankalankhula, ndipo nanenso ndisiyira pomwepa.

Diso, Marlys ankalitcha mkazi mnzake.

"Wapita kwa wamng'ono," ankatero ndikafunsa kumene kuli alamu. "Ine ndimuphikire, ndimuchapire, ndimudzoze mafuta pamwendo wopsawo, koma maso okoma amakapatsa uja. Mitala imeneyi sanandiuze kutchalitchi."

Ankanena akuseka, koma sizinali nthabwala zokhazokha. Nyengo yachisanu ikafika, msewu wa m'kati mwa paki utatsekedwa, alamu ankapita masabata angapo kukachotsa chipale chofewa pamadenga a nyumba za kumeneko, akuchidula ndi sowo kuti denga lisagwe. Marlys ankatsala yekha ndi chitofu cha nkhuni. Mkulu wanga ankadana ndi kuzizira. Anabadwira m'dziko lachisanu, anakalambira momwemo, koma sanalizolowere. Ankavala masokosi awiriawiri ndipo ankagona ndi botolo la madzi otentha mpaka mu Juni.

Alamu atapuma ntchito, Marlys anaganiza kuti tsopano wapambana. Ayi ndithu. Ankapitabe mongodzipereka, osalandira kanthu, msewu ukangotsegulidwa mpaka utatsekedwa, kukathandiza amene analowa m'malo mwawo. Ndodo ija ankaisunga kudenga la galaja, ataipaka mafuta.

Khansa ya Marlys madokotala anaipeza mochedwa. Unali mwezi wa Febuluwale, masana ena m'chipatala ku Billings. Marlys anali atafunda mabulangete atatu koma akunjenjemerabe. Ine ndinali kumupesa tsitsi lochepa limene linatsala, alamu atakhala pampando, chipewa chili pabondo.

"Orrin."

"Ndili pano."

"Mukandiwotcha, phulusa langa usakaliike kumanda. Pansi pamazizira."

"Usalankhule zimenezo."

"Ndilankhule liti? Ukandithire mu Diso."

Alamu anatembenuza chipewa chija kawiri.

"Marlys, iwe ukudziwa kuti..."

"Ndikudziwa zonse. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndakhala ndikumva za khosi lija, ndikhoza kukaphunzitsa alendo. Ndazizidwa moyo wanga wonse, Orrin, undiike pofunda. Ndiponso ndimakudziwa. Kumanda uzidzabwera kamodzi pachaka ndi maluwa ofota, koma kuja sungathe mwezi osafikako. Mkazi mnzanga wandilanda mwamuna nthawi yaitali. Andipatseko pogona."

Anaseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa. Ndinamukhazika n'kumupatsa madzi. Atapuma anagwira dzanja langa, maso ali pa mwamuna wake.

"Nena kuti eya, Glenda amve."

Alamu anandiyang'ana, anayang'ana pazenera, kenako anati, "Eya."

"Eya chiyani?"

"Ndikakuthira mu Diso."

Ndinamva ndi makutu angawa. Marlys anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi.

Phulusa linabwera m'kabokosi ka mtengo wa mkungudza, ndipo alamu anakaika pa shelefu ya pamwamba pa chitofu. Msewu wa m'kati umatsegulidwa kumapeto kwa Epulo, choncho ndinadikira osanena kanthu. Utatsegulidwa anati kanjira n'koterera. Mu Meyi anati zimbalangondo zili ndi ana, alonda atseka mbali imeneyo. Mu Julayi ndi Ogasiti anati alendo achuluka, munthu sungalire pakati pa makamera. Zifukwa zonsezi zinali zoona, ndipo n'zimene zinkandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa munthu wozemba ndi zifukwa zoona sumugwira. Koma ndionetsetse anathetsa nkhosa, ndipo ine ndinkaona chilimwe chikutha, mkulu wanga ali pa shelefu.

Chakumapeto kwa Seputembala anabwera m'khitchini mwanga ndi kalata. Anaiyala pa tebulo n'kuisalaza ndi dzanja. Chinali chilolezo chochokera ku ofesi ya paki, chowalola kumwaza phulusa padambo lina, kutali ndi msewu ndi akasupe.

"Ndi malo abwino, mlamu," anatero. "Dzuwa limafika m'mawa. Njati zimaberekera pamenepo."

"Dambo? Anati dambo? Munkamva ndi chiyani tsiku lija, ndi chipewacho?"

"Lamulo silikutilola. Pa akasupe ayi."

"Lamulo munalidziwa mu Febuluwale. Munalidziwa musanamere imvi. Bwanji simunamuuze iye akadali ndi pakamwa poyankhira? Munadikira kuti atseke maso."

"Anali kufa, Glenda."

"Ndiye munthu akamafa ndi woti azinamizidwa? Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, alamu. Lanuli silikukudulani ngakhale chala. Likungofuna mutsegule kabokosi n'kupendeketsa."

"Phulusa la munthu si fumbi lokha," anatero motsitsa mawu. "Muli tizidutswa ta mafupa. Timamira."

Ndinawagenda ndi nsalu yopukutira mbale. Kenako ndinanena mawu amene mpaka lero ndimalakalaka ndikanawameza. Ndinati anakonda chithaphwi kuposa mkazi wawo ali moyo, ndipo akuchikondabe kuposa iye atafa. Anatola nsalu ija pansi, anaipinda bwinobwino, anaiika pa tebulo n'kutuluka. Masabata anayi sitinalankhulane, makomo atayang'anizana. Lamlungu ndinkadya ndekha, ndipo ndinkawaona pazenera akudya chiimire pafupi ndi chitofu. Ndinkawamvera chisoni, koma sindinapite.

Lachisanu lomaliza msewu usanatsekedwe anagogoda dzuwa likungotuluka. Anali atameta ndevu, atavala jekete limene anavala pamaliro.

"Msewu atseka Lolemba," anatero. "Tiye."

Ndinakwera m'pikapu mwawo, kabokosi kali pamiyendo panga, titakakulunga m'thaulo. Udzu unali woyera ndi chisanu. Pachipata, mayi wolondera amene ankawadziwa anasuzumira kumbuyo kwa galimoto.

"A Orrin, lero opanda ndodo?"

"Lero ndine mlendo."

"Ndiye musaponye kanthu m'madzi," anatero mayiyo akuseka, n'kutikodola kuti tidutse.

Alamu anagwedeza mutu.

Titayenda ola limodzi tinapeza njati zitadzaza msewu. Zinali zoposa makumi asanu, zikutsika kumapiri kuthawa chisanu, zikuyenda pa tara mosafulumira. Chimphongo chimodzi chinaima kutsogolo kwathu penipeni, mpweya ukufuka m'mphuno, ndevu zake zili ndi madzi oundana. Alamu anazimitsa injini. M'galimoto ya kumbuyo kwathu munatuluka mwamuna atanyamula foni m'mwamba, akuyenda molunjika chimphongo chija ngati akupita kukapatsa moni mnzake. Alamu anatsitsa galasi.

"Achimwene, bwererani m'galimoto. Imeneyo imathamanga kuposa inu, ndipo lero sindikufuna kunyamula munthu."

Mwamunayo anabwerera akung'ung'udza. Tinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu, ndipo ndinaona kuti alamu sakudandaula ngakhale pang'ono.

"Mukupemphera kuti igone pomwepo mpaka Lolemba," ndinatero.

"Ikagona yagona. Msewu ndi wake."

Koma sinagone. Inapukusa mutu n'kutsatira zinzake kutsetserekera kumtsinje, ndipo alamu analiza injini kawiri isanavomere.

Poimika magalimoto tinapeza akhwangwala awiri okha, akufufuza pa bini. Alamu ananditenga kabokosi m'manja n'kutsogola. Matabwa anali oterera, mitengo ya m'mbali itayera ndi nthunzi youndana, fungo la sulufule likulowa mpaka kummero. Ndinkangomva mwendo wawo wopsa uja ukugunda matabwa mochedwerapo kuposa unzake.

Titafika, Diso silinkaoneka. Kukazizira nthunzi imachuluka, ndipo tinaima pa chotchingira cha matabwa tikungoona zoyera zokhazokha. Kenako kamphepo kanakankhira nthunzi kumbali, buluu uja n'kuonekera. Alamu anavula chipewa n'kuchipanira kukhwapa. Anachotsa thaulo, anatsegula chivindikiro n'kundipatsa. Kathumba ka phulusa ka m'kati mwa kabokosi anali atakadula kale kunyumba, ndiye ndinadziwa kuti anabwera atatsimikizadi kuchita. Anatambasula manja onse awiri pamwamba pa madzi.

Anaima choncho nthawi yaitali. Manja amene ankagwira ndodo yaitali m'mawa wonse osagwedezeka, tsiku limenelo analephera kupendeketsa kabokosi kakang'ono.

"Pendeketsani basi, alamu," ndinatero. "Pang'ono pokha. Zotsalazo zichitika zokha."

Anabweza manja n'kukumbatira kabokosi pachifuwa.

"Sindingathe."

"Mungathe."

"Dzanja likukana, mlamu. Laphunzira kutulutsa kokha." Anapukuta mphuno ndi phewa. "Ndinamunamiza. Pomwe ndinkati eya ndinkadziwa. Ndinkafuna agone, asiye kunjenjemera. Miyezi yonseyi ndakhala ndikudziuza kuti ndikafika pano ndidzachita, ndipo lero m'mawa ndinakhulupiriradi."

"Kabokosi kamodzi sikangaphe dziwe lonseli."

"Mwina ayi. Sindikudziwa, ndipo palibe amene akudziwa. Koma likadzayamba kusanduka chikasu, anthu azidzafunsa kuti chalipha n'chiyani, ine ndekha ndikudziwa kuti ndi Marlys watseka khosi. Ndiye ndizidzabwera kudzaona chiyani? Ndidzakhala nditataya onse awiri, ndi dzanja langa lomwe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakalipire, koma iwo anandipatsa kabokosi kaja m'manja.

"Ndi m'bale wako. Lonjezo unalimva monga ndinalimvera ine. Ndikupita kugalimoto. Sinditembenuka, sindidzakufunsa, sindidzauza munthu. Chita zimene ukuona kuti n'zoyenera."

Anavala chipewa n'kumapita. Nthunzi inawabisa asanafike patali, ndipo ndinamva mapazi awo mpaka anazimiririka.

Ndinatsala ndi chimene ndinakhala ndikuchifuna miyezi isanu ndi itatu. Panalibe mlonda, panalibe mlendo, panalibe alamu ondiletsa. Ndinayang'ana m'kabokosi. Phulusa linali lotuwa, ndipo munalidi tizidutswa toyera ngati zigoba za dzira zophwanyika. Ndinali ndisanalionepo. Ndinalankhula ndi Marlys mokweza, poti panalibe wondiona ngati wamisala.

"Achemwali, ndakubweretsani. Mwamuna wanu ndi wamantha, koma ine ndilipo."

Ndinatsamira chotchingira n'kutambasula manja. Nthunzi inandifunditsa zala, inanyowetsa magalasi anga mpaka ndinawavula ndi dzanja limodzi n'kuwaika m'thumba. Mphepo inabweranso, ndipo ndinaona dziwe lonse mpaka pansi.

Ndakhala zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi pafupi ndi malo amenewa, ndipo pa Diso ndinafikapo kambirimbiri, ndi alendo a kutchalitchi, ndi abale ochokera kutali. Koma nthawi zonse ndinkakhala ndikulankhula. Tsiku limenelo ndinayang'ana. Madzi anali oyera moti zipupa za m'kati zinkaoneka mzere uliwonse, zikutsika mopapatiza mpaka pakabowo kakuda kaja. Ndinafufuza ndi maso, mbali iyi ndi iyo. Munalibe kobiri. Munalibe mwala wachilendo, munalibe kapepala, munalibe chotsekera botolo. Anthu miyandamiyanda anaima pamene ndinaima inepo, ambiri a iwo ataponyamo kanthu, koma m'madzimo munalibe kanthu. Ena akapuma ntchito amakuonetsa nyumba zimene anamanga kapena ana amene anaphunzitsa. Alamu anga chimene angakuonetse n'chimenecho, ndipo ine ndinali nditachiseka zaka makumi anayi osachiona.

Ndinapsa mtima, koma ulendo uno ndinapsera Marlys. Kanali koyamba chimwalirireni. Ankadziwa chimene ankapempha. Ankafuna kuti kamodzi kokha mwamuna wake asankhe iye, ndipo anasankha nthawi imene munthu sangakane, n'kundiika ine kukhala mboni. Ndinamumvetsa. Nanenso ndikanakhala mkazi wa munthu ameneyu mwina ndikanatero. Koma panali kankhanza pang'ono m'pempho limenelo, ndipo ndinamuuza.

"Iwe Marlys, unatichita chipongwe. Wagona iwe, ife watisiyira izi."

Ndinalira ngati mwana, manja ali chitambasulire. Ndikanangopendeketsa dzanja pang'ono zonse zikanatha. Ndinayesa. Ndinayesa kachiwiri. Pamwamba pa phulusa panali patayamba kuda ndi chinyezi cha nthunzi, ndipo ndinalisiya choncho mpaka mapewa anayamba kundiwawa.

"Fundani pomwepa, achemwali," ndinatero. "Kupitirira apa sindingathe."

Ndinatseka chivindikiro, ndinakulunga thaulo n'kubwerera.

Alamu anali m'pikapu, manja onse awiri pa chiwongolero, akuyang'ana kutsogolo, masaya atanyowa. Atamva mapazi anga sanatembenuke, monga ananenera. Ndinazungulira mbali yawo, ndinatsegula chitseko n'kuwaika kabokosi pamiyendo. Anakanyamula kuti akaike pambali, poganiza kuti mulibe kanthu. Dzanja linaima m'malere. Anakatsitsa, anakanyamulanso pang'onopang'ono, kenako anandiyang'ana.

"Ndiye tamunamiza tonse awiri," anatero.

"Tonse awiri. Sunthani, ndiyendetse ndine."

Anasuntha, kabokosi atakakumbatira.